Mayina a minofu akuuluka m'mutu: yankho kwa wophunzira unamwino

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana amene ali m'chaka choyamba cha maphunziro a unamwino. Anavomera kuti ndimuyankhire pano popeza anzake m'kalasi akulira ndi vuto lomweli. Mawu ake ndi awa: "Tafika pa phunziro la minofu ndipo mutu wanga waima. Atipatsa mayina ngati sternocleidomastoid ndi gastrocnemius, kuwonjezera apo mayina a matenda amene onse akuyamba ndi myo. Ndimaloweza usiku, kukacha zonse zauluka. Kodi palibe njira ina yoposa kuloweza? Nanga tikuvutikiranji ndi Chilatini pomwe odwala tidzalankhula nawo m'Chichewa?"

Achemwali, mwafunsa mafunso awiri. Lachiwirilo ndi limene landikhudza kwambiri, koma ndiyamba ndi loyamba chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo.

Njira ina ilipo. Lekani kumeza mawuwa athunthu. Dzina lililonse mwa mayina amenewa ndi chiganizo chachifupi chimene anthu akale anachipanikiza kukhala liwu limodzi, ndipo chimanena zimene munthu anaona ndi maso kapena kukhudza ndi manja pamene ankafufuza thupi. Mukaliphwanya n'kuona zidutswa zake, kenako n'kuika dzanja pathupi panu pomwe dzinalo likulozera, silidzaulukanso. Ine ndagwira ntchito ya mafizo zaka zambiri, koma mpaka lero ndikakumana ndi dzina limene ndinalisiya kalekale, ndimaliwerenga chidutswa ndi chidutswa mpaka lindiuze lokha pamene mnofuwo uli.

Tiyambe ndi kambewa. Liwu lachingerezi la mnofu, muscle, linachokera ku liwu lachilatini loti musculus, ndipo tanthauzo lake ndi kambewa. Pindani mkono, mufumbate chibakera, kenako muzitembenuza dzanja uku ndi uku mukuyang'ana katumba wanu. Muona kanthu kakuthamanga pansi pa khungu, kukwera n'kutsika, ngati kanyama kamene kabisala m'nsalu. Aroma anaona zomwezo. Kwa Agiriki nako liwu loti mys linkatanthauza mbewa komanso mnofu, ndipo myo amene wakutopetsaniyo anachokera pamenepo. Choncho mukaona myo, nenani mumtima kuti mnofu, basi, n'kuyang'ana chimene chili kumchira kwa liwulo, chifukwa kumchirako n'kumene kumanena chimene chachitikira mnofuwo. Algia ndi ululu, ndiye myalgia ndi kuphwanya kapena kupweteka kwa minofu. Itis ndi kutupa kotentha ndi kofiira kumene thupi limachita likamalimbana ndi china chake, ndiye myositis ndi kutupa kwa mnofu. Pathy ndi nthenda, ndiye myopathy ndi nthenda imene gwero lake lili mumnofu mwenimwenimo, osati mu ubongo kapena m'mitsempha yoyendetsa mauthenga. Mawu atatuwa amaoneka ngati apachibale, koma sanena chinthu chimodzi. Myalgia ndi dandaulo la wodwala, chimene iye akumva, ndipo ikhoza kubwera ndi chimfine wamba. Myositis ndi chimene dokotala wapeza atayeza. Mukadzalemba limodzi m'malo mwa linzake pafayilo, wowerenga pambuyo panu adzayamba kufufuza nthenda imene palibe.

Mwaphunzira kale kuti minofu ilipo ya mitundu itatu, ndipo mitunduyi imabisala m'mawu omwewa. Minofu yoyendetsa mafupa, imene timailamula tokha, ukaiona pa maikulosikopu imakhala ndi mizeremizere, ndipo ulusi wake ndi wautali ngati timitengo. Ndodo m'Chigiriki ndi rhabdos, ndiye rhabdomyo ndi mnofu wamizeremizere umenewo. Minofu ya m'matumbo, m'chikhodzodzo, m'chiberekero ndi m'zipupa za mitsempha ya magazi ilibe mizere, ndi yosalala, ndipo siimvera lamulo lathu. Chosalala m'Chigiriki ndi leios, ndiye leiomyo. Onjezani oma, kutanthauza chotupa, mupeza leiomyoma. Amayi ambiri amene mudzawasamalire ali ndi zotupa za m'chiberekero zimene si khansa, zija zotchedwa fibroids, dzina lake lenileni pafayilo lidzakhala limeneli. Chipupa cha mnofu cha chiberekerocho ndi myometrium, popeza metra ndi chiberekero. Mtundu wachitatu ndi mnofu wa mtima, myocardium. Magazi akatsekeka mumtsempha wodyetsa mtima n'kuchititsa mbali ina ya mnofuwo kufa, imeneyo ndiyo myocardial infarction. Taonani, simunaloweze kanthu, koma mawu ambiri alowa kale.

Ndiime pang'ono pa rhabdomyolysis, chifukwa ndi liwu lalitali limene limaopsa ophunzira, chonsecho ndi limodzi mwa mawu osavuta, komanso kulidziwa kumapulumutsa moyo. Lysis ndi kusungunuka kapena kuphwasuka. Mnofu wamizeremizere ukaphwanyika kwambiri, kaya munthu wapanikizidwa ndi chipupa kwa maola ambiri, kaya wamenyedwa koopsa, kaya wachita masewera olimbitsa thupi mopitirira muyeso, zimene zinali m'kati mwa maselo a mnofu zimakhuthukira m'magazi. Chimodzi mwa izo ndi myoglobin, puloteni yosunga mpweya wabwino mumnofu. Ikafika ku impso imazivulaza, ndipo mkodzo umasanduka wakuda mofiirira. Dokotala wina, Eric Bywaters, anafotokoza bwino zimenezi mu 1941 ataona anthu amene anafukulidwa amoyo m'nyumba zogwetsedwa ndi mabomba ku London akumwalira patapita masiku chifukwa impso zasiya kugwira ntchito. Poyeza magazi a wodwala wotere amayang'ana creatine kinase, puloteni ina yochokera mumnofu, imene pafomu imalembedwa CK. Namwino amene amadziwa tanthauzo la liwuli amayang'ana mtundu wa mkodzo asanauzidwe ndi aliyense.

Koma pali msampha umodzi, ndipo ine unandikola. Ndili wophunzira, ndinaona pafayilo ya mwana wina mawu oti osteomyelitis. Ndinaphwanya mwachangu: osteo ndi fupa, mye ndi mnofu, itis ndi kutupa. Mayi ake atandifunsa, ndinawauza kuti fupa ndi mnofu wa mwanayo zatupa, ndipo anaona ngati ndi kanthu kopepuka koti kangatsike ndi kuthowa. Amene ankatiyang'anira anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti chilembo cha l chija ndachitaya kuti. Myel si myo. Myelos ndi mafuta a m'kati mwa fupa, komanso chingwe chija chochokera ku ubongo chimene chimadutsa m'fupa la msana. Mwanayo anali ndi tizilombo m'kati mwenimweni mwa fupa, nthenda yofuna mankhwala a masabata ambiri. Ndinabwerera kwa mayi aja kukakonza zimene ndinanena, ndipo nkhope yawo pamene ankamva kachiwiri sindiiiwala. Kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana l ameneyo kawiri. Poliyo, dzina lake lonse poliomyelitis, imapuwalitsa miyendo, ndiye munthu akhoza kuganiza kuti ndi nthenda ya minofu. Ayi. Kachilombo kake kamawononga maselo a m'chingwe cha msana amene amatumiza uthenga ku minofu, ndipo minofu imafota pambuyo pake chifukwa yasowa woilamula. Myopia nayo, vuto losaona patali, ilibe chibale chilichonse ndi mnofu. Inachokera ku liwu lotanthauza kutsinzina.

Palinso sarco, wochokera ku sarx, kutanthauza mnofu m'lingaliro la nyama ya thupi. Ameneyu mudzakumana naye kwambiri mukamaphunzira zam'kati mwa selo la mnofu. Khungu la selolo ndi sarcolemma, ndipo kachigawo kakang'ono kamene kamafupika mnofu ukamakoka ndi sarcomere. M'menemo muli timaulusi ta mitundu iwiri, actin ndi myosin, timene timalowana ngati zala za manja awiri ukazipisa pamodzi. Magulu awiri a asayansi anasonyeza zimenezi mu 1954: Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke, komanso Hugh Huxley ndi Jean Hanson. Kuchepa kwa minofu chifukwa cha ukalamba ndi sarcopenia, pakuti penia ndi kusowa, ndipo khansa yoyambira mumnofu, m'fupa kapena m'mafuta ndi sarcoma.

Tsopano mayina a minofu yeniyeniyo. Yoyendetsa mafupa ilipo yoposa 600, ndipo mwa munthu wamkulu imatenga magawo 30 mpaka 40 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi. Palibe amene akuyembekezera kuti muidziwe yonse chaka chino. Kale yambiri inalibe n'komwe mayina. Andreas Vesalius, m'buku lake lalikulu la thupi la munthu la mu 1543, ankaipatsa manambala, monga kunena kuti woyamba mwa minofu yoyendetsa mkono. Mphunzitsi wake wa ku Paris, Jacobus Sylvius, ndi mmodzi mwa amene anayamba kuipatsa mayina. Pambuyo pake aliyense ankatcha zake, mpaka mawu ofotokoza ziwalo za thupi anafika pafupifupi 50,000, chiwalo chimodzi kukhala ndi mayina angapo. Mu 1895 akatswiri anakumana ku Basel n'kuwadula kufika pafupifupi 5,500. Mndandanda umene tikugwiritsa ntchito lero, Terminologia Anatomica, unatuluka koyamba mu 1998. Ndikukuuzani izi kuti mudziwe kuti mayina amene ali m'manotsi anuwo ndi otsala pambuyo pa kupeta kwakukulu, ndipo ambiri anatsala chifukwa amafotokoza bwino.

Tengani sternocleidomastoid yemwe munamutchula uja. Imani pagalasi, mutembenuzire mutu kumanzere mpaka pothera. Mbali ya kumanja ya khosi lanu patuluka chingwe chochindikala chotsetsereka kuchokera kuseri kwa khutu. Ikani chala pamenepo, mutsike nacho pang'onopang'ono. Chakumunsi muona kuti chagawika pawiri. Nthambi imodzi yathera pamwamba pa fupa la pakati pa chifuwa, limene ndi sternum. Inayo yathera pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, limene Agiriki ankalitcha kleis, kutanthauza kiyi. Bwererani kumtunda, mugwire kafupa kotumphuka kuseri kwa khutu. Ameneyo ndi mastoid, ndipo anamutcha choncho poona kuti akufanana ndi bere. Sterno, cleido, mastoid: dzina lonselo ndi njira imene chala chanu chadutsa. Chitani zimenezi kamodzi kokha, mudzandiuza ngati lidzaulukenso.

Ena anawatcha potengera ntchito. Ikani zala m'masaya, chakumbuyo pafupi ndi khutu, mulume mano mwamphamvu. Chimene chaumbika pansi pa zala zanucho ndi masseter, wotafuna. Flexor ndi wopinda, extensor ndi wowongola, levator ndi wokweza. Abductor amachotsa chiwalo pakati pa thupi kupita nacho kunja, adductor amachibweza, ndipo popeza awiriwa amasiyana chilembo chimodzi chokha, muziwatchula momveka mukamapereka lipoti. Ena anawatcha powerenga mitu yawo, kutanthauza malo amene amayambira: biceps ali ndi iwiri, triceps itatu, quadriceps wa kutsogolo kwa ntchafu inayi. N'chifukwa chake biceps payekha si dzina lokwanira. Alipo biceps brachii wa pamkono, aliponso biceps femoris wa kumbuyo kwa ntchafu. Kukula nako kumalowa m'dzina: maximus, medius ndi minimus ndi wamkulu, wapakati ndi wamng'ono, monga zilili ndi minofu itatu ya m'matako yotchedwa gluteus. Longus ndi wamtali, brevis ndi wamfupi. Rectus ndi wowongoka, obliquus ndi wopendekera, transversus ndi wopingasa, ndipo atatu onsewa muwapeza pamimba. Mukadziwa timawu timeneti, dzina ngati extensor carpi radialis longus limangodziwerenga lokha: wowongola mfundo ya dzanja, wa mbali ya radius, fupa la mkono la kumbali ya chala chachikulu, wamtaliyo. Ndipo likukuuzaninso kuti pafupi pomwepo pali mnzake wamfupi.

Amene ine ndimawakonda ndi aja anawatcha poyerekeza ndi zinthu za tsiku ndi tsiku. Deltoid wa paphewa ali ndi ngodya zitatu ngati chilembo chachigiriki cha delta. Serratus anterior wa m'nthiti ali ndi mano ngati sowo. Buccinator wa m'tsaya ndi woimba lipenga. Sartorius, mnofu wautali kuposa yonse, umene umachoka kutsogolo kwa chiuno n'kudutsa ntchafu mopingasa mpaka m'munsi mwa bondo chakum'kati, ndi mnofu wa telala, chifukwa atelala akale ankasoka atakhala pansi atapinda miyendo mopingasa, ndipo kakhalidwe kameneko ndi kamene mnofuwu umathandiza. Gastrocnemius wanu uja ndi mimba ya mwendo, gaster mimba, kneme mwendo wa m'munsi mwa bondo. Imirirani pa zala, muyang'ane katumba wa mwendo mmene watuzumukira, muvomereza kuti amene anatcha dzinalo anali ndi maso.

Chinthu chimodzi chimene chimamasula zambiri ndi ichi: mnofu umakoka basi, sukankha. N'chifukwa chake imagwira ntchito iwiriiwiri, wina akapinda wina amawongola. Amene akuchita ntchitoyo ndi agonist, wotsutsana naye ndi antagonist. Mbali ya mnofu yogwira fupa limene silisuntha ndi origin, yogwira fupa limene likukokedwa ndi insertion. Mukadziwa pamene mnofu wayambira ndi pamene wathera, ntchito yake simufunikanso kuiloweza. Ingoganizani malo awiriwo akuyandikirana.

M'wodi, mawu amene mudzawamve kwambiri si mayina a minofu, koma mawu onena mmene minofuyo ilili. Trophy ndi kudya kapena kukula. Munthu akachotsedwa chikhakha patapita masabata asanu ndi limodzi, amayang'ana mwendo wake modabwa, wowonda, khungu likusendeka, katumba atatha, ndipo funso lake loyamba limakhala loti kodi ubwerera. Imeneyo ndi atrophy, pakuti a kumayambiriro kwa liwu amatanthauza kusowa. Mnofu wosagwiritsidwa ntchito umafota msanga, koma wotere umabwerera ndi mafizo. Hypertrophy ndi kukula mopitirira, kaya kwa wonyamula zitsulo, kaya kwa mtima umene wakhala ukulimbana ndi kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri. Dystrophy ndi nkhani ina. Dys ndi kulakwika, ndipo muscular dystrophy ndi gulu la matenda akumtundu amene mnofu umawonongeka pang'onopang'ono. Yodziwika kwambiri ndi ija yotchedwa ndi dzina la Guillaume Duchenne, dokotala wa ku France wa m'zaka za m'ma 1800. Imagwira makamaka anyamata, chifukwa thupi lawo limalephera kupanga puloteni yotchedwa dystrophin. Mwana wotere akafuna kudzuka pansi amadzikwera yekha, manja pa mawondo kenako pa ntchafu, ndipo akatumba ake amaoneka aakulu ngati amphamvu pomwe m'kati mwadzaza mafuta. Makolo ambiri amanyadira akatumba amenewo asanadziwe. Ndi chimodzi mwa zinthu zowawa kwambiri zimene ndinafotokozapo.

Tonia ndi kukungika kwa mnofu munthu akakhala phee. Khanda limene ukalinyamula limangolobodoka lili ndi hypotonia, ndipo mkono wouma wokana kuwongoka wa munthu amene anadwala sitiroko uli ndi hypertonia. Plegia ndi kufa kwa chiwalo, paresis ndi kufooka chabe, mphamvu ina ikadalipo. Hemi ndi theka, mbali imodzi ya thupi. Para ndi miyendo yonse iwiri. Tetra kapena quadri ndi manja ndi miyendo yomwe. Mudzaonanso manambala ngati 3/5 pafayilo. Umenewo ndi muyeso wa mphamvu ya mnofu. Ziro ndiye kuti palibe chikugwedezeka, 1 ndi kunjenjemera kokha kwa mnofu, 2 chiwalo chikuyenda chikagonekedwa koma sichingadzuke, 3 chikudzuka chokha koma chikugonja mukangochikankha, 4 chikulimbana nanu pang'ono, 5 mphamvu zonse zilipo. Wodwala kuchoka pa 2 kufika pa 3 ndi nkhani yaikulu, chifukwa tsiku limenelo ndi limene amayamba kukweza yekha dzanja kufika nalo kukamwa. Pomaliza pagululi pali myasthenia gravis: mnofu, kusowa mphamvu, koopsa. Asilikali a m'thupi amaukira malo amene mnofu umalandirira acetylcholine, mankhwala amene mtsempha wa mauthenga umatulutsa polamula mnofu, ndiye munthu amadzuka ali bwinoko m'mawa, pofika madzulo zikope zagwa ndipo kutafuna kwamutopetsa.

Ndifike pa funso lanu lachiwiri. Tikuvutikiranji ndi Chilatini?

Yankho langa lili m'liwu limodzi lathu lomwe: mtsempha. Ife timati mtsempha ponena wopititsa magazi kuchoka kumtima, wobweza magazi kumtima, woyendetsa mauthenga a ubongo, chingwe chomangirira mnofu ku fupa, ndiponso chingwe chomangirira fupa ku fupa linzake. Pocheza zimenezi sizivuta. M'chipatala ndi zinthu zisanu zosiyana, ndipo chilichonse chikaduka chili ndi ngozi yake ndi chithandizo chake. Chomangirira mnofu ku fupa ndi tendon, ndipo m'mawu chimaoneka ngati teno kapena tendin, monga mu tendinitis. Chomangirira fupa ku fupa ndi ligament. Kuvulala kwa mnofu kapena tendon ndi strain, kuvulala kwa ligament ndi sprain, ndipo wodwala zonsezi adzangoti ndabinya. Inu ndi amene muyenera kudziwa kuti wabinya chiyani.

Bambo wina anabwera kwa ine atauzidwa kuti mtsempha wa kumwendo waduka. Ankasewera mpira, anamva ngati wina wamugenda kumbuyo kwa chidendene, atacheuka panalibe munthu. Anakhala pampando wanga atagwira mwendo ndi manja onse awiri, ndipo nditamufunsa chimene chikumudetsa nkhawa anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndiye magaziwo akupita kuti?" Usiku wonse sanagone, akuganiza kuti akukha magazi m'kati. Chimene chinaduka chinali Achilles tendon, imene imatchedwanso calcaneal tendon. Ndinatenga dzanja lake n'kuligwiritsa kumbuyo kwa chidendene cha mwendo wabwinowo, n'kumuuza kuti agwedeze phazi. Anamva chingwe chikukungika. Kenako tinagwira mwendo wovulalawo, chala chake chinalowa m'kadzenje pamene chingwecho chinalekana. Ndinamuuza kuti ichi ndi chingwe chimene katumba amakokera chidendene, mulibe magazi oyenda ngati m'paipi, ndipo chikhoza kulumikizika. Anapumira m'mwamba. Ndikanakhala kuti sindikudziwa kusiyana kwa tendon ndi artery, mtsempha wopititsa magazi kuchoka kumtima uja, sindikanatha kumuchotsa mantha amenewo m'Chichewa. Chilatini n'chimene chinandipatsa malire a chinthucho, Chichewa n'chimene chinachifikitsa kwa mwini mwendo.

Choncho sindivomereza maganizo akuti chinenero chathu n'chosauka pa nkhani za thupi. Chimachita zomwezo zimene Agiriki ankachita. Ganizirani liwu loti kafumbata. Amene anatcha dzinali anaona khanda kapena munthu wamkulu atafumbata, thupi lonse litauma gwa, n'kutchula chimene waonacho. Agiriki anaona kukungika komweko n'kunena kuti tetanos, kuchokera ku liwu lotanthauza kukoka chinthu mpaka chikungike, ndipo tonia uja ndi wa banja lomwelo. Nsagwada zikamangika chifukwa masseter wakana kumasuka, pafayilo amalemba trismus. Msana ukapindikira kumbuyo ngati uta amalemba opisthotonus, opistho kumbuyo, tonus kukungika. Mayi akakuuzani kuti khanda lasiya kuyamwa, kukamwa sikukutseguka, wakuuzani trismus m'mawu ake, ndipo inu mukuyenera kuthamanga. Kusiyana kulipo n'kwakuti mawu achilatini anakhala zaka mazana akusefedwa mpaka liwu lililonse likuloza chinthu chimodzi chokha, kuti namwino wa usiku awerenge zimene wa masana analemba popanda kulota, ndiponso kuti fayilo yolembedwa m'dziko lina imveke m'dziko linanso. Ntchito yosefa mawu athu motero sinafike patali, ndipo ndimalakalaka anthu ngati inu, odziwa mbali zonse ziwiri, atadzaigwira. Pakali pano, mukaphunzira liwu latsopano, musatseke buku musanapeze mmene mungalinenere kwa agogo anu m'chiganizo chimodzi. Mukalephera, ndiye kuti liwulo simunalimvetse, mwangoliloweza.

Mukandifunsa poyambira, ndinganene kuti yambani ndi minofu imene mudzaibaye jakisoni, chifukwa apo dzina limasanduka malo enieni pathupi la munthu. Deltoid paphewa. Vastus lateralis kunja kwa ntchafu, amene ndi malo obayapo makanda popeza matako awo sanakhwime. Minofu ya gluteus, kumene muyenera kudziwa bwino pamene mtsempha waukulu wa mauthenga wotchedwa sciatic ukudutsa, chifukwa singano ikaulasa mwana akhoza kutsala ndi phazi lolendewera moyo wake wonse. Ndinathandizapo ana otere, ndipo sindifuna kuti ngakhale mmodzi adzachokere m'manja mwanu. Mukatha apo pitani ku minofu yopumira, diaphragm wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndi ma intercostal, amene dzina lawo likungoti pakati pa nthiti. Kenako minofu ikuluikulu ya manja ndi miyendo. Tinatake ta m'manja ndi m'mapazi tidzabwera nthawi yake. Pezani mnzanu mmodzi, wina azitchula dzina, wina azigwira malowo n'kuchita ntchito ya mnofuwo, kenako musinthane. Mphindi makumi awiri za zimenezi zimaposa usiku wathunthu wa kuloweza.

Ndikusiyireni limodzi loti muyesere, dzina lalitali kuposa onse pa mayina a minofu: levator labii superioris alaeque nasi. Levator mwamudziwa kale. Labii ndi mlomo, superioris ndi wam'mwamba, alae ndi phiko, que ndi kamchira kotanthauza ndi, nasi ndi mphuno. Wokweza mlomo wam'mwamba ndi phiko la mphuno. Bwererani pagalasi paja, mukwinye nkhope ngati mwanunkhiza chinthu chowola, muike chala m'mbali mwa mphuno, mumumva akukoka.